Wonga Wowonjezera: Mbiri ya Kachizindikiro ka +P pa Zipolopolo za ku America

Munthu akatenga chipolopolo cha mfuti ya m'manja n'kuchitembenuza, amaona timalemba tozungulira kutsinde kwa khoko lake. Timalembati timatchula kampani imene idachipanga ndi mtundu wake, monga 9mm Luger kapena 38 SPL. Pa zipolopolo zina pamakhalanso kachizindikiro kochepa ngati njere ya mapira: +P. M'masitolo ogulitsa mfuti ku America, kumene lamulo limalola anthu ambiri kusunga mfuti yodzitetezera, kachizindikiro aka kamautsa mtsutso tsiku ndi tsiku. Mayi amene wangogula volovolo yosunga kuchipinda amaima pakauntala, mabokosi awiri ali poteropo, lina lolembedwa +P, lina lopanda. Funso limene limamuimitsa mutu ndi lomwe lija apolisi, asilikali ndi madokotala a m'dzikolo alimbana nalo kwa zaka zoposa 100: kodi kuwonjezera mphamvu ya wonga kumawonjezeradi chitetezo?

Alenje akale a mfuti za gogodera akadalimva msanga funsoli. Iwo ankathira okha wonga mumpope, kuutsendera bwinobwino, kenako n'kulowetsa chipolopolo. Wopita kukasaka njati ankawonjezera muyeso, koma ankadziwa kuti pali dipo lake: mfuti inkamenya phewa kolimba, ndipo ikakhala yotopa inkang'ambika n'kudula zala za mwini wake. Chipolopolo cha masiku ano chimabwera wonga wake utayezedwa kale kufakitale, koma nkhani ndi yomweyo. Wonga ukayaka m'khoko umasanduka mpweya wotentha umene umakankha mbali zonse. Kutsogolo umathamangitsa mutu wa chipolopolo, m'mbali umalimbana ndi chitsulo cha mfuti, m'mbuyo umagunda dzanja la wowombera. Chilembo cha P chikuimira liwu la Chingerezi lakuti pressure, ndiko kukankha kwa mpweyawu, ndipo chizindikiro cha kuphatikiza chikunena kuti kukankhako n'koposa muyeso wa nthawi zonse.

Muyesowo umaikidwa ndi bungwe la makampani opanga mfuti ndi zipolopolo lotchedwa SAAMI, limene lidakhazikitsidwa mu 1926. Amayeza mu psi, kutanthauza mapaundi amene akukankha kamalo kotalika inchi imodzi ndi kotambalala inchi imodzi. Chipolopolo wamba cha 9mm sichiyenera kupyola 35,000, pamene cha +P chimafika 38,500. Cha .38 Special chimachoka pa 17,000 kufika pa 20,000, ndipo cha .45 ACP pa 21,000 kufika pa 23,000. Kusiyanaku sikwakukulu monga momwe bokosi limaonetsera. Koma kuti kachizindikiro kameneka kabadwe, padadutsa nkhondo, uchigawenga ndi maliro ambiri.

Phunziro la ku Philippines

Nkhaniyi imayambira kutali ndi America. Dzikolo litalanda zilumba za Philippines m'manja mwa Spain mu 1898, asilikali ake adakumana ndi ankhondo a mtundu wa Moro ku Mindanao ndi ku Sulu, anthu omenya nkhondo ndi zikwanje zazitali, osaopa imfa. Asilikaliwo adali ndi volovolo za .38 Long Colt. Malipoti adayamba kufika kulikulu onena za ankhondo amene ankalasidwa kangapo koma n'kumabwerabe mpaka kumutema msilikali. Akuluakulu a nkhondo adatulutsanso m'nkhokwe volovolo zakale za .45 n'kuzitumiza kumeneko.

Mu 1904 adatuma akuluakulu awiri, John Thompson ndi dokotala wa asilikali Louis LaGarde, kuti akafufuze. Iwo adawombera ng'ombe zamoyo m'makola ophera nyama a ku Chicago, adayesanso pa mitembo ya anthu, ndipo adagamula kuti chipolopolo cha msilikali chisachepere .45. Chotsatira chake chidali mfuti ya John Browning imene asilikali adailandira mu 1911, pamodzi ndi chipolopolo cha .45 ACP. Yankho loyamba la America lidali limenelo: chipolopolo chikule.

Panali yankho lachiwiri, lakuti chipolopolo chithamange. Njira imeneyi ndi imene idadzabala +P, ndipo idayenda kudzera m'chipolopolo cha apolisi.

Mu 1899 kampani ya Smith & Wesson ya ku Springfield, m'chigawo cha Massachusetts, idatulutsa volovolo ya Military & Police yogwiritsa ntchito .38 Special. Chipolopolochi chidapangidwira wonga wakuda wachikale, wa utsi wambiri uja, umene umafuna malo aakulu, motero khoko lake lidali lalitali, mamilimita 29. Posakhalitsa makampani adasinthira ku wonga wopanda utsi, umene pang'ono pokha umagwira ntchito ya wonga wakuda wodzaza khoko. Mpaka lero munthu akagwedeza zipolopolo zambiri za .38 Special pafupi ndi khutu amamva wonga ukuseweramo, chifukwa malo aakulu ndi opanda kanthu. Mpata umenewu udakhala chiyeso kwa aliyense wokonda kuyesa zinthu. Malo alipo, nanga osawonjezera bwanji?

Kwa zaka zambirimbiri wapolisi wa ku America ankayenda ndi .38 Special ya mutu wa mtovu woburungira, wolemera magalamu 10, wothamanga mamita pafupifupi 240 pa sekondi. Chinkalondola bwino ndipo sichinkamenya dzanja, koma chinkaboola thupi ngati chisongole, osawononga zambiri m'njira. Apolisi ena adafika pochitcha chopanga amasiye, ponena za akazi awo omwe.

Zigawenga za pa galimoto

Kuyambira 1920 mpaka 1933 boma la America lidaletsa mowa, ndipo malonda a mowa wozembetsa adalemeretsa magulu a zigawenga. Anthuwa ankayenda pa magalimoto a malata ochindikala, ena atavala malaya otchinga zipolopolo. Wapolisi akawombera chitseko cha galimoto yothawa, chipolopolo chake chinkangophwanyikira pomwepo. Kampani ya Colt idayankha mu 1929 ndi .38 Super, chimene chidali chipolopolo chakale cha .38 ACP chowonjezeredwa mphamvu. Chaka chotsatira Smith & Wesson idatulutsa volovolo ya .38/44 Heavy Duty: thupi lolemera lopangidwira chipolopolo cha .44, koma lobooledwa kuti lilandire .38 Special yodzazidwa mwamphamvu, yothamanga mamita pafupifupi 340 pa sekondi.

Apa ndi pamene vuto lidaonekera. Zipolopolo zamphamvuzi zidali zofanana msinkhu ndi zofooka zija. Zinkalowa bwinobwino m'kavolovolo kakale kalikonse ka m'dirowa. Chotchinga chokha chidali malemba a kutsinde kwa khoko ndi chenjezo la pabokosi, ndipo bokosi limatayika.

Elmer Keith, woweta ng'ombe ndi mlenje wa ku Idaho, ankaidziwa ngoziyi ndi manja ake, pakuti ali mnyamata adaphulitsapo volovolo ya Colt poyesa kudzaza yekha zipolopolo. Sadasiye kuyesa. Ntchito yake, pamodzi ndi ya katswiri Phil Sharpe ndi Douglas Wesson wa kampani ya Smith & Wesson, idabala .357 Magnum mu 1935, kampani ya Winchester ikupanga zipolopolozo. Volovolo yolembedwa nambala 1 idaperekedwa kwa J. Edgar Hoover, mkulu wa FBI, bungwe la boma lofufuza milandu. Chimene amisiriwa adachita n'chofunika kuchisunga m'mutu. Adatalikitsa khoko ndi mamilimita atatu okha, osati chifukwa wonga unkasowa malo, koma kuti chipolopolo chatsopanocho chikane kulowa m'mfuti ya .38 Special. Iwo sadakhulupirire kuti munthu aliyense adzawerenga chenjezo. Adaika chitetezo m'chitsulo momwemo.

Chenjezo lisanduka chokopa

M'zaka za m'ma 1960, Lee Jurras adayambitsa kampani yaing'ono ya Super Vel ku Shelbyville, m'chigawo cha Indiana. Nzeru yake idali yopeputsa mutu wa chipolopolo kufika magalamu 7, kuukuta ndi mkuwa, kuubowola kunsonga, ndi kuuthamangitsa kwambiri. Mutu wobowoka ukagunda mnofu umatambasuka ngati bowa, n'kupanga bala lalikulu. Pangano la ku Hague la mu 1899 limaletsa zipolopolo zotere pa nkhondo ya maiko, koma silikhudza apolisi kapena anthu wamba. Apolisi adazikonda za Super Vel, ndipo makampani aakulu, Remington, Winchester ndi Federal, adatsatira ndi zawo. Kampani ya Jurras idatsekedwa pakati pa zaka za m'ma 1970, koma msika udali utasintha kale.

Nthawi yomweyo mfuti zinkapepuka. Colt Cobra ya mu 1950 ndi ma Airweight a Smith & Wesson zidali ndi thupi la aluminiyamu, zoti munthu abise m'thumba. Asilikali a m'ndege a ku America adafika mpaka poyitanitsa volovolo yotchedwa Aircrewman, imene ngakhale mgolo wake wozungulira wa zipolopolo udali wa aluminiyamu. Idalephera kupirira, ndipo zambiri zidaitanidwa n'kuphwanyidwa. Zipolopolo zikulimba, mfuti zikupepuka, khoko lili lomwelo: makampani adaona kuti ngozi ili pakhomo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 adagwirizana zodinda +P pa zipolopolo zopyola muyeso wa nthawi zonse. Mu 1974 chizindikirochi chidaikidwanso pa .38 Super, pofuna kuti munthu asachilowetse m'mfuti yakale ya .38 ACP.

Motero +P idabadwa ngati chenjezo kwa mwini mfuti, lakuti ayambe waonetsetsa ngati chitsulo chake chingapirire. Koma pa shelefu ya m'sitolo anthu adaliwerenga mwina. Kwa wogula wamantha, amene usiku wathawu adamva mapazi kuseri kwa nyumba, kuphatikiza kumatanthauza chitetezo chowonjezera.

Apolisi nawo adaitenga njirayi. Bungwe la FBI lidasankha .38 Special +P ya mutu wa mtovu wofewa, wobowoka kunsonga, wa magalamu 10, ndipo mpaka lero ogulitsa amachitchula ndi dzina la bungwelo. Nthambi za boma zoona za chuma zidapitirira pamenepo ndi chipolopolo chopepuka cholembedwa +P+, chimene makampani ankagulitsa kwa apolisi okha. Apolisi a chigawo cha Illinois, amene adali oyamba mwa magulu aakulu kusiya volovolo n'kutenga 9mm kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, adadzagwiritsanso ntchito +P+. Mu 1975 kafukufuku wolipiridwa ndi boma, amene adadalira chithunzi cha thupi la munthu cha pa kompyuta, adapereka malikisi apamwamba kwa zipolopolo zopepuka ndi zothamanga. Liwiro lidakhala mfumu.

Komabe chenjezo lina lidali litamveka kale. Mu April 1970, ku Newhall, kumpoto kwa Los Angeles, apolisi anayi a pamsewu a chigawo cha California adaphedwa ndi zigawenga ziwiri m'mphindi zosakwana zisanu. Onse adali anyamata a zaka 23 ndi 24. Zipolopolo za volovolo zimene adawombera sizidagwetse chigawenga n'chimodzi chomwe. Pofufuza zidapezeka kuti ena mwa iwo ankanyamula .357 Magnum pantchito, chikhalirecho pophunzira ankawombera .38 Special yofatsa. Dzanja lidazolowera kugunda kwina, tsiku la zoopsa lidakumana ndi kwina. Pambuyo pake gululo lidalamula kuti chipolopolo chophunzirira chizifanana ndi chonyamula.

Mphindi zisanu za ku Miami

Tsiku limene lidagwedeza chikhulupiriro cha liwiro lidali 11 April 1986. M'mawa wa tsikulo, kumwera kwa mzinda wa Miami, apolisi a FBI adatsekereza galimoto ya Michael Platt ndi William Matix, amuna awiri amene adakhalapo asilikali ndipo ankathyola mabanki ndi magalimoto onyamula ndalama. Apolisi adalipo asanu ndi atatu, zigawenga ziwiri. Platt adali ndi mfuti yaitali ya Ruger Mini-14.

Kuwomberana kutangoyamba, wapolisi Jerry Dove adalasa Platt ndi chipolopolo cha 9mm cha Winchester Silvertip, chopepuka, cha magalamu 7.5, chopangidwa kuti chitambasuke msanga. Chidalowa pamkono wamanja, n'kudutsa, n'kulowa m'chifuwa, n'kuboola phapo. Chidachita zonse zimene adachipangira. Chidatambasuka bwino, ndipo chifukwa cha kutambasukako chidaima patatsala pafupifupi inchi imodzi kuti chifike pamtima. Balalo lidali lakupha, magazi oposa lita imodzi adadzaza m'chifuwa, koma imfa yake idali ya pang'onopang'ono. M'mphindi zimene zidamutsalira, Platt adayenda, adawombera, adapha Dove ndi mnzake Benjamin Grogan.

Amene adathetsa nkhondoyo adali wapolisi Edmundo Mireles. Mkono wake wamanzere udali utaphwanyidwa ndi chipolopolo, ndipo adayamba wawombera mfuti yaitali ndi dzanja limodzi ali pansi. Ataona zigawengazo zikulowa m'galimoto ya apolisi kuti zithawe, adadzuka, adatulutsa volovolo yake, n'kuyenda molunjika kugalimotoyo akuwombera kasanu ndi kamodzi. Zipolopolo zake zidali .38 Special +P, ndipo zina zidafika pamsana wa m'khosi. Zonse zidatha m'mphindi zosakwana zisanu, zipolopolo pafupifupi 145 zitawomberedwa. Apolisi awiri adafa, asanu adavulala. Platt adalasidwa ka 12, Matix ka 6, ndipo m'magazi mwawo simudapezeke mankhwala ozunguza bongo.

Okonda +P amatchula volovolo ya Mireles ngati umboni wawo. Koma anzake ena tsiku lomwelo adawomberanso zipolopolo za mtundu womwewo, ndipo sizidathetse nkhondoyo. Chidasiyanitsa za Mireles n'chakuti zidalowa pamalo pamene thupi silingapitirire kugwira ntchito, zitawomberedwa pafupi ndi munthu amene sadaphonye.

Dokotala ndi phala lake

Mu 1987 FBI idaitana madokotala ndi akatswiri ku sukulu yake ya ku Quantico, m'chigawo cha Virginia. Mawu amene adamveka kwambiri adali a Martin Fackler, dokotala wa opaleshoni amene adasoka mabala a nkhondo ku Vietnam ndipo panthawiyo ankatsogolera kafukufuku wa mabala a zipolopolo ku Letterman Army Institute of Research, mumzinda wa San Francisco. Fackler ankayesera zipolopolo m'jelatini, phala lolimba loonekera mkati, lopangidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama. Ankasakaniza gawo limodzi la ufa wake ndi magawo asanu ndi anayi a madzi, kuliziziritsa, ndipo adaonetsa kuti chipolopolo chimalowamo mofanana ndi momwe chimalowera mu mnofu wa nkhumba.

Chiphunzitso chake chidali chosavuta kumva. Chipolopolo chimasiya mabala awiri. Loyamba ndi dzenje lenileni, mnofu umene chaphwanya podutsa. Lachiwiri ndi kutanuka kwa kanthawi, pamene mnofu wozungulira umakankhidwira kunja n'kubwerera. Mfuti yaitali, imene chipolopolo chake chimathamanga mamita 900 pa sekondi, ingathe kutanula mnofu mpaka kuung'amba. Mfuti ya m'manja, ya mamita 250 mpaka 400, nthawi zambiri sifikapo, chifukwa minofu, mapapo ndi mitsempha zimatanuka ngati mphira n'kubwerera. Choncho kuwonjezera mamita 20 kapena 30 sikusandutsa volovolo kukhala mfuti yaitali. Chotsala ndi dzenje, ndipo dzenjelo liyenera kufika pa chiwalo chofunika.

Mu 1989 Urey Patrick wa FBI adalemba lipoti limene lidamanga mfundozi pamodzi, ndipo lidawonjezera ina yowawa: palibe chipolopolo cha mfuti ya m'manja chimene chimagwetsa munthu ndi mphamvu ya kugunda kwake. Chikadatero, wowomberayo akadagwanso chagada. Anthu ambiri olasidwa amagwa chifukwa cha mantha ndi ululu, koma amene watsimikiza mtima amaima pokhapokha ubongo kapena msana zitakhudzidwa, kapena magazi atatha. Bungwelo lidaika muyeso umene makampani ambiri amatsata lero: chipolopolo chilowe m'jelatini masentimita osachepera 30 ndi osapitirira 46, ngakhale chitayamba chadutsa zovala zochindikala, lata, thabwa, khoma la m'nyumba kapena galasi la galimoto.

Muyeso umenewu udaonetsa chinthu chimene ambiri sankachiganizira. Mutu wobowoka ukathamanga kwambiri umatambasuka msanga ndi mokulira, motero nthawi zina umalowa pang'ono kuposa mnzake wofatsa. Mphamvu yowonjezera ingathe kuchepetsa chinthu chomwe chija chidasowa pa chifuwa cha Platt.

Ngakhale zidali choncho, FBI yomweyo idayamba yathamangiranso mphamvu. Idasankha 10mm Auto, chipolopolo champhamvu kwambiri, koma chinkamenya dzanja kotero kuti idachepetsamo wonga. Makampani a Smith & Wesson ndi Winchester ataona kuti khoko latsala ndi malo, adalifupikitsa, ndipo mu 1990 kudabadwa .40 S&W, chimene chidalamulira apolisi a ku America kwa zaka zoposa 20. M'zaka zomwezo asilikali adali ndi vuto lawo: zigawo zoyenda za pamwamba pa mfuti zingapo za Beretta zidathyoka n'kuvulaza owombera kumaso, ndipo padabuka mkangano ngati cholakwa chidali chitsulo kapena zipolopolo zamphamvu mopyola. Mfutiyo idakonzedwanso kuti chigawo chothyoka chisamaulukire kumaso.

Mu 2014 nthambi ya maphunziro ya FBI idalemba zobwerera ku 9mm. Idanena kuti mitu ya zipolopolo ya masiku ano yakonzedwa bwino kotero kuti madokotala amavutika kusiyanitsa bala la 9mm ndi la .40 kapena .45. Idakumbutsanso kuti pa kuwomberana kwenikweni apolisi amaphonya zipolopolo 70 mpaka 80 mwa 100 zilizonse, ndipo mfuti yosamenya dzanja imathandiza munthu kulondola ndi kubwereza msanga. Kuchokera pamenepo bungwelo lagulapo zipolopolo za mitundu yonse iwiri: Speer Gold Dot G2 ya muyeso wa nthawi zonse, ndi Hornady Critical Duty ya +P. Chimene lidayang'ana si chilembo cha pabokosi, koma zotsatira za m'jelatini.

Kumene +P idakali ndi ntchito

Kungakhale kulakwa kunena kuti wonga wowonjezera ulibe phindu. Phindu lake limaonekera pa mfuti ya mpope waufupi. Kavolovolo ka mpope wa masentimita 5 kamatulutsa chipolopolo wonga usanamalize kukankha, liwiro n'kutsika, ndipo mutu wobowoka umene wathamanga pang'ono umalephera kutambasuka, makamaka dzenje lake likatsekeka ndi ulusi wa jekete. Apolisi a mumzinda wa New York, amene ambiri ankanyamula timavolovolo totere ngati mfuti yachiwiri, ndi amene adachititsa kuti kampani ya Speer ipange .38 Special +P ya magalamu pafupifupi 9 yokonzedwera mpope waufupi. Pamenepa mamita ochepa owonjezerawo ndi amene amatsegula mutu wa chipolopolo.

Apolisi omwewo adasiya zipolopolo za mutu wosabowoka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, chifukwa zinkapyoza munthu n'kukalasa ena ongodutsa, ndipo adatenga 9mm +P yobowoka kunsonga ya magalamu 8. Imathamanga mamita pafupifupi 370 pa sekondi, pamene inzake ya nthawi zonse imathamanga 350. Kusiyana konse n'kumeneko.

Dipo lake ndi lomwe lija ankalidziwa mlenje wa gogodera. Mfuti imadumpha kwambiri, ndipo nthawi yobwezera pamalo kuti munthu awomberenso imatalika. M'chipinda chamdima moto wa pakamwa pa mpope umathobwa m'maso, phokoso limagonthetsa m'khutu. Zitsulo ndi masipuling'i zimatha msanga. Kwa munthu wachikulire wa zala zowawa, kavolovolo kopepuka kodzaza +P kamapweteka mpaka amaleka kupita kokaphunzira, ndipo amene saphunzira amaphonya. Chipolopolo chophonya sichisowa kopita. Chimaboola khoma, ndipo kuseri kwa khomalo kungakhale mwana ali m'tulo.

Palinso msampha wa malemba. Pa zipolopolo za mfuti za m'manja, SAAMI idaika muyeso wa +P pa mitundu inayi yokha: 9mm Luger, .38 Special, .38 Super ndi .45 ACP. Bokosi la .380 kapena la .40 S&W lolembedwa +P lilibe malire amene bungwelo lidavomereza, ndipo +P+ ilibe denga lililonse. Wogula zimenezo wadalira mawu a kampani imodzi basi.

Mbiri yonseyi, kuchokera ku Mindanao kufika ku Quantico, ikugamula mlandu wa mayi wa pakauntala uja momveka. Chipolopolo chabwino cha masiku ano cha muyeso wa nthawi zonse, chimene chimafika masentimita 30 m'jelatini ndi kutambasuka, n'chokwanira kudzitetezera, ndipo +P imathandiza kwenikweni pa mpope waufupi, m'dzanja limene laizolowera. Mayiyo ayenera kuyamba watsegula kabuku kamene kadabwera ndi mfuti yake, aone ngati kampani idalola +P. Ngati idalola, atenge mabokosi onse awiri apite nawo kumalo ophunzirira, awombere mobwereza, ayang'ane pepala, ndipo asunge chimene chikugwera pakati nthawi ndi nthawi. Ngati mfutiyo ndi yakale yosiyidwa ndi agogo, kapena yopepuka yopanda chilolezo cha kampani, bokosi la +P alisiye pakauntala pomwepo.